Dzanzi la ku Gaborone

Ndinachoka kwathu ku Nsipe ndili ndi manja abwinobwino. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ana a masiku ano amandidziwa ngati mayi wogwetsa makapu, woyenda mokweza bondo ngati akuwoloka madzi. Sadziwa kuti ndinali telala, ndipo osati telala wamba. Ulusi ndinkaulowetsa pa singano osayang'ana, nsalu ndinkaidziwa mtundu wake pongoikhudza.

Banja langa litatha ndinatsala ndi mwana mmodzi, Tiyamike, ndi makina opalasa amene ndinkasokera pakhonde la sitolo ya munthu. Ntchito yake inali yoika zigamba pa mathalauza ndi kuchepetsa zovala za kaunjika. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene ankapita ku Botswana kukagulitsa zitenje, ndiye anandiuza kuti ku Gaborone kuli munthu amene akufuna telala wodziwa madiresi a ukwati. Ndinaganiza miyezi iwiri. Kenako ndinagulitsa makina aja, ndinatenga pasipoti, Tiya n'kumusiya kwa achemwali anga a Esinati. Anali ndi zaka zisanu. Tsiku lonyamuka achemwali anapita naye kuchigayo kuti asandione ndikukwera minibasi. Nzeru imeneyo inali yanga, ndipo mpaka lero ndimaiona kuti inali yoipa.

Ulendo unali wa masiku atatu, kudzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Bulawayo. Za m'njira ndaiwala zambiri. Chimene ndimakumbuka ndi dziko la Botswana titangolowa: lathyathyathya, mitengo yaminga yokhayokha, ng'ombe ndi abulu m'mbali mwa msewu. Munthu wa ku Ntcheu ine maso ankangofunafuna phiri.

Abwana anga anali a MmaKagiso. Kumeneko nakonso mkazi amatchulidwa ndi dzina la mwana wake, ndiye dzinali likutanthauza amake Kagiso. Anali mphunzitsi wopuma, wamtali, wosaseka wamba. Shopu yawo inali galaja ya kuseri kwa nyumba ku Gaborone West, momwe munali makina anayi amagetsi, tebulo lodulira ndi simbi. Tsiku loyamba anandipatsa nsalu kuti ndisoke kolala. Nditamaliza anaitembenuza, anayang'ana msoko wa mkati, anaukoka, kenako anangogwedeza mutu. Mapepala a pemiti yanga anayendetsa okha. Sanandiberepo, sanandinyozepo, koma diresi lokhota ankaliphwasula pamaso pako.

Pa tebulo lodulira pankakhala mayi wonenepa, wa mawu aakulu, amene ankalankhula Chitswana ngati mwini dziko. Sabata yonse yoyamba ndinkamuyesa wa komweko. Tsiku lina singano inathyoka, ine n'kunena ndekha kuti mayo ine. Mayiyo anaika sizasi pansi.

"Imwe, ndimwe a ku Malawi? Manje mwenze zii chifukwa chani masiku yonse aya?"

Anali amake Misozi, a ku Chipata. Anafika ku Gaborone zaka khumi ine ndisanafike, ndipo ana awo anali akuluakulu ku Lusaka. Atamva kuti ndikugona pansi m'khitchini mwa anthu amene mayi wa zitenje uja anandisiyako, ananditenga kuti tizikhala limodzi ku Old Naledi.

Chipinda chathu chinali chimodzi mwa zipinda zisanu ndi zitatu zondandana kuseri kwa nyumba ya mwini malo, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Pakati tinapachika chitenje, uku bedi lawo, uku matiresi anga. M'chilimwe malata ankatentha mpaka kandulo kupindika, m'nyengo yozizira madzi a m'ndowa ankachita kuluma. Iwowo ndiwo anandiphunzitsa kupereka moni wa dumela mma ndisanafunse munthu kanthu, kuthokoza kuti ke a leboga, ndi kukhala chete m'kombi, minibasi ya kumeneko. M'kombi ukalankhula chinenero chako ena ankatembenuka, ndipo mawu akuti makwerekwere, amene amanenera alendo ngati ife, ndinawadziwa ndisanadziwe n'komwe mawu otchulira madzi.

Zaka zisanu ndi chimodzi zoyamba zinali zabwino, ndisaname. Tinkasoka mayunifolomu a sukulu chaka chikamayamba, a amayi a mipingo Pasaka akamayandikira, ndipo miyezi ya maukwati tinkasoka leteisi, nsalu yabuluu yolimba ngati chikopa ikakhala yatsopano, imene akazi a kumeneko amavala pa miyambo. Madiresi oyera a akwatibwi ankandisiyira ine, makamaka ntchito ya pamanja, kulumikiza lesi ndi kusokerera mikanda. Mwezi ukatha ndinkatumiza kumudzi. Tiya anayamba sukulu ali ndi nsapato, achemwali anafolera nyumba ndi malata. Nsalu zotsala ndinkamusokera mwanayo madiresi, muyeso wake achemwali ankandiuza pa foni atamuyeza ndi zikhato. Pofika kumudzi, patapita miyezi ndikufunafuna womupatsira, diresilo linkapezeka litafupika kale.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkaimba foni. Poyamba Tiya ankandiuza zonse, za mbuzi yobereka, za mnzake womutsina m'kalasi. Akukula nkhani zinayamba kufupika. Ali bwino, sukulu ili bwino, amayi akupereka moni. Amayi amenewo anali achemwali anga. Kumudzi ndinapitako kawiri kokha, ndipo ulendo uliwonse sindinapitirire milungu iwiri.

Chaka china mmisiri womanga nyumba wa ku Mangochi, amene tinkapemphera naye, anamwalira atadwala masiku ochepa. Thupi lake linakhala kuchisanu pafupifupi mwezi, ife tikuyenda khomo ndi khomo kusonkha za galimoto yopita nalo kwawo. Tikuchokera kokaliperekeza, amake Misozi anandiimika pamsewu n'kundilumbiritsa kuti akayamba iwo kufa ndisadzalole kuti awakwirire mu mchenga wa eni. Nanenso ndinawalumbiritsa chimodzimodzi, kenako tinaseka, tinagula mandasi. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti choopsa chimene chingamuchitikire munthu kudziko la eni ndi imfa basi.

Matenda anayamba ngati chifuwa wamba, chouma, chosatulutsa kanthu. Ndinkati ndi fumbi la nsalu. Kenako kutopa, koti ndikatsika kombi ndinkayamba ndakhala pa mwala ndisanalowe pa geti. Kuchipatala chaching'ono anandiyeza magazi, kachilombo sanakapeze. Makhololo sanaonetse kanthu, koma chithunzi cha ekisire chinali ndi mithunzi pachifuwa, ndipo anati zikufanana ndi TB, ndiyambe mankhwala. Sindiwada. Aliyense amene ankaona chithunzicho ankanena zomwezo. Amake Misozi sanasamuke. Anangochotsa katoni imene tinatsekera zenera, n'kundigulira kapu yangayanga.

Mwezi wachitatu wa mankhwala zala za kumapazi zinayamba kunyerenyesa, ngati mwendo ukaukhalira nthawi yaitali. Anesi anati mapilisi a TB amatero kwa ena, n'kundiwonjezera kapilisi kena. Ndinamwa onse miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa tsiku. Mankhwala anatha chifuwa chili pomwepo, dzanzi lija litakwera kufika mu akakolo.

Tsiku limene ndinayamba kuchita mantha linali Loweruka masana, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Ndinkachokera kogula ndiwo, nditavala patapata. Mayi wina wogulitsa pakona anayamba kundikuwira, akuloza pansi. Ndinayesa ndagwetsa kanthu. Nditayang'ana ndinaona kuti phazi lamanzere lili lokha, patapata ali kutali kumbuyo, pafupi ndi pogulitsira nyama. Ndinali nditayenda mtunda wonsewo pa mchenga woti ungakazingepo mtedza. Kunyumba tinapeza kuphazi kuli matuza awiri, lina litaphulika kale.

Chimene anthu samvetsa n'chakuti dzanzi limeneli silichotsa ululu. Kunja phazi limakhala ngati la munthu wina, koma mkati mwake mumayaka moto, nthawi zina mumabaya ngati wina akukukhoma misomali. Munga sindinkaumva, koma bulangete likakhudza zala ndinkafuna kukuwa. Ndinkaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, madziwo n'kumawaona ndi maso okha.

Kuntchito ndinabisa. Makina amagetsi amayenda ndi phazi, ukaponda pang'ono amayenda pang'ono. Ine sindinkadziwanso kuti ndaponda motani, ndiye makina ankangothamanga mwadzidzidzi n'kudya nsalu. Ndinaphunzira kumvera phokoso lake m'malo mwa phazi. Kenako zinafika m'manja. Maphini ankandipulumuka, batani la bulauzi yanga ndinkalimbana nalo ngati mwana. Amake Misozi anaona msanga. Anayamba kumandilowetsera ulusi pa masingano asanu m'mawa uliwonse, n'kuwabaya pa kansanza pafupi ndi makina anga, abwana asanatuluke m'nyumba.

Nthawi yomweyo pa miyendo panatuluka tizotupa tolimba, takuda, tosayabwa, ndi kena pakhosi. Maso ankafiira. Anthu a pa yadi anayamba kumadikira kuti ndichoke pa mpopi asanabwere ndi ndowa zawo. Wina anati ndi khate. Panali bambo wina wa ku Machinga, mlonda, amene anandiitanira pambali n'kundiuza kuti matenda amene chipatala chikulephera kuwaona sachokera kutali. Anandifunsa kuti amene amalandira zotumiza zanga ndani, amene akulera mwana wanga ndani, ndipo ine ndikafera kuno mwanayo ndi malatawo zikhala za yani. Anapita nane kwa mneneri wina amene ankapempherera anthu m'tenti kumapeto kwa tauni. Mneneriyo anandigwira pamutu, anati akuona mkazi wa magazi anga ataima pa mphambano, n'kundipatsa madzi amchere ndi ulusi wofiira womanga mu akakolo.

Ndimachita manyazi kunena kuti ndinamvera. Munthu amene mapazi akumuyakira moto amafuna dzina loti alitchule. Lamlungu lotsatira sindinaimbe foni. Achemwali ataimba okha sindinayankhe. Zinatero miyezi itatu. Amake Misozi anandikalipira kuti mkulu wanga wandilerera mwana zaka zonsezi, ine n'kumamvera mlonda amene amagona pa ntchito, koma ndinawayankha kuti za kwathu sazidziwa.

Zonse zinaululika ku Oodi, mudzi wa kunja kwa tauni kumene kunali kwawo kwa a MmaKagiso. Mwana wa mchimwene wawo ankakwatiwa, ndipo diresi lake ndinalisoka ine, mwezi wathunthu, ndi masingano a amake Misozi aja. Kutatsala tsiku limodzi tinapita nalo kukamuyesa komaliza. Linatalika pang'ono kutsogolo. Ndinagwada pa simenti n'kuyamba kupinda mpendero, mkwatibwi ataima pa mpando, azakhali ake atamuzungulira akuyamikira. Ndinkasoka mofulumira, ndikukondwa kuti zikuyenda. Ndiye mtsikanayo anakuwa.

Pa lesi yoyera panali madontho ofiira, ondandana motsatira msoko wanga, kutalika ngati mkono. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti wavulala ndani. Singano inali italowa pansi pa chikhadabo cha chala changa chamkombaphala, ndipo ndinali nditadzibaya kangapo konse.

A MmaKagiso anaitanitsa madzi ozizira ndi mchere, anachapa malowo okha, ndipo pamene panakana anasokererapo maluwa a lesi amene anatsala. Ine anandiuza kuti ndikakhale panja. Ndinakhala pansi pa mtengo waminga mpaka dzuwa kupendeka, chala nditachikulunga ndi kansalu.

Pobwerera a MmaKagiso anaimika galimoto m'mbali mwa msewu. Anachotsa phini pa kolala yawo, anagwira dzanja langa, n'kundiuza m'Chingerezi kuti nditsinzine, ndizinena ndikamva kubaya. Ndinatsinzina. Ndinawerenga mumtima mpaka zitatu, n'kunena kuti ndamva.

"Sindinakubaye," anatero.

Nditatsegula maso ndinaona phini ili m'mwamba. Ananditsinzinitsanso, ndipo ulendo uno ndinakhala chete nthawi yaitali, kudikira. Atandiuza kuti ndiyang'ane, zala zonse zinayi zinali ndi timabala tofiira. Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinawauza zoona. Sanakalipe. Anangoti munthu sabisa matenda kwa amene amadya nawo, n'kuliza galimoto.

Patangopita sabata ndinadzuka m'mawa n'kuyamba kumwa tiyi, tiyiyo n'kumatsikira pachibwano. Amake Misozi atandiyang'ana anagwetsa supuni. Mbali yakumanja ya nkhope yanga inali itagwa, pakamwa patakhota, diso likukana kutseka. Tonse tinati ndi sitiroko. A MmaKagiso anabwera ndi galimoto mpaka pa yadi, malo amene anali asanapondepo, n'kupita nane kuchipatala chachikulu.

Ndinagonako milungu iwiri. Mlendo kumeneko amalipira, ndipo amayi a kutchalitchi kwathu, a ku Zambia ndi a ku Malawi, anasonkha osandiuza. Anandiyeza shuga, kachilombo kachiwiri, khate, zonse ayi. Anandimata timawaya m'miyendo ndi m'manja n'kumandigwiritsa magetsi pang'onopang'ono, kuona ngati mitsempha ikuyankha. Pomaliza anadula kanyama pa chotupa cha pakhosi chija kuti akakayang'ane pa makina. Amake Misozi ankabwera tsiku lililonse akaweruka, kudzandidontheza mankhwala m'diso lija ndi kulimata pulasitala kuti lisaume. Zotsatira za kanyamako zinachedwa, zinatuluka ine nditatuluka kale.

Dokotala wake anali mtsikana wa komweko, wamng'ono kwa ine, wolankhula mofatsa. Amake Misozi anandiperekeza kuti azindimasulira pamene Chingerezi chandithera. Dokotalayo analemba dzina la matendawo pa pepala, ndipo tinalibwereza katatu tisanalitchule bwino: sakoidosisi. Anati si TB, ngakhale pa chithunzi zimafanana kwambiri. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi matenda, amasokonekera n'kumaunjikana, kupanga timibulu ting'onoting'ono paliponse pamene afuna. Kwa ambiri timakhala m'mapapo ndi pakhungu. Kwa ochepa, monga ine, timafika pa mitsempha imene imanyamula uthenga wa zala, mapazi ndi nkhope, n'kuitupitsa ndi kuifinya mpaka uthengawo kusiya kudutsa.

Ndinafunsa kuti wandipatsira ndani. Anati palibe, ndipo inenso sindingapatsire munthu. Ndinafunsa kuti nanga amachokera kuti. Anati ngakhale iwo sadziwa. Kenako ndinafunsa chimene ndinabwerera.

"Kodi ndidzasokanso?"

Dokotala anayankha nthawi yaitali, amake Misozi n'kumasulira mawu ochepa. Ndinawagwira mkono kuti anene zonse.

"Akamba ati nkhope izabwelela, na chifuwa chizasila. Koma mitsempha yamene yakhala nthawi itali yoonongeka, ina siuka. Ati tiyembekeze, koma sangakulonjezeni."

M'kombi yobwerera sindinaganize za manja. Ndinkaganiza za achemwali anga. Titafika ndinadula ulusi wofiira uja ndi sizasi, n'kuimba foni. Analandira ngati tinalankhulana dzulo, anafunsa za matendawo, anati pepa. Nditapempha kulankhula ndi Tiya, achemwali anati wapita kumjigo. Ndinkamumva akutsuka mbale pafupi pomwepo.

Mankhwala ake anali timapilisi toyera tambirimbiri m'mawa uliwonse. Nkhope inawongoka, chifuwa chinatha, zotupa zinaphwa. Koma mapilisiwo anali ndi zawo. Njala inkandigwira ngati ndachokera kolima, tulo tinathawa, shuga anakwera, masaya anatupa mpaka maso kuchepa. Chala chachikulu chakumanja chinadzukako pang'ono, moti ndimatha kumva kuti ndagwira chinthu, koma osadziwa kuti n'chiyani. Zala zinazo ndi mapazi sizinabwerere. Phazi lamanzere linayambanso kulendewera, n'chifukwa chake ndimakweza bondo poyenda.

A MmaKagiso anayesetsa. Anandichotsa pa makina n'kundiika pa simbi. Tsiku lachitatu amake Misozi anamva fungo, n'kupeza kuti dzanja langa latsamira simbi, ine ndili kalikiliki kuwongola kolala. Chipsera chake ndi ichi ndili nachochi. Kenako ndinkasesa, kupinda zovala ndi kulandira makasitomala, ntchito imene sinkafuna munthu wakewake. Pa makina anga panakhala mayi wina wa ku Zimbabwe, waluso ndithu, ndipo ndinkamusesera tizidutswa ta nsalu kumapazi.

Pemiti yanga itatsala mwezi umodzi, abwana anandiitanira m'nyumba yaikulu, anandikhazika pa sofa, anandithirira tiyi. Anati pemitiyo inalembedwa kuti ndine telala, ndipo iwo sangakaname ku boma. Ndinawauza kuti ndamva. Anandipatsa malipiro anga, mankhwala a miyezi itatu ndi bulangete laling'ono limene amayi a kumeneko amafunda pamapewa pa maukwati. Nditanena kuti ke a leboga, anadzuka mwachangu n'kulowa kuchipinda, ndipo sanatulukenso.

Amake Misozi anandiperekeza kudepoti. Basi isananyamuke anagwada pa simenti, thupi lonse lija, n'kundimanga zingwe za nsapato, mfundo ziwiriziwiri kuti zisamasuke m'njira. Anandiuza kuti ndisavule mpaka ku Ntcheu popeza palibe wondimangiranso.

"Mukafika mutume foni," anatero. "Osati vija vanu vokhala zii."

Timatumizirana mawu mpaka lero, ojambula pakamwa, chifukwa kulemba pa foni sinditha.

Ku Nsipe anthu anandilandira ndi nthungululu. Ataona masaya aja anati Botswana wandiyanja, ndanenepa ngati mkazi wa nduna. Achibale ena anabwera kudzaona katundu, n'kupeza zikwama ziwiri ndi jumbo ya mankhwala. Nditayesa kufotokoza, dzina la matendawo linkawaseketsa. Kenako anaona kapu yoyamba ikugwa, anaona mayendedwe anga, ndipo nkhani zinayamba kuyenda zokha. Ena anati ndi kachilombo ndikubisa, ena anati khate, ena anati ndinakakhwimira chuma kunja ndiye chizimba chinandibwerera. Kuchipatala chathu chaching'ono dzinali anali asanalimvepo. Dokotala wondiona komanso mankhwala ndimakazipeza ku Blantyre, ndikapeza yoyendera.

Achemwali ndinawapeza atakalamba kuposa zaka zawo. Tsiku lina akutonola chimanga pakhonde, ine ndikungowatolera zitsononkho, ndinawaululira chimene ndinasiyira kuimba foni miyezi itatu ija. Sanasiye kutonola. Anati anamva kalekale, popeza mkazi wa mlonda uja ali ndi abale ku Balaka, ndipo nkhani yotere siichedwa panjira. Anati analira masiku awiri, lachitatu anapita kukapalira chifukwa udzu sudikira munthu.

"Ine ndinakukhululukira," anatero. "Koma Lamlungu lililonse mwanayu ankasamba, n'kukhala pakhonde pano ndi foni m'manja mpaka dzuwa kulowa. Zimenezo ukambirane naye wekha."

Tiya anali ndi zaka khumi ndi zinayi, wamtali kundiposa. Tsiku limene ndinafika anagwada patali n'kundipatsa moni ngati mlendo wa mpingo. Ankandiphikira, kundichapira, kundiikira madzi kubafa atawayesa yekha kuti ndisapse, zonse mwaulemu, ndipo ulemuwo unkandipweteka kuposa mapazi. Kwa anzake ankanditchula amayi a ku Botswana. Nditayesa kuyamba nkhani ya foni ija anati palibe kanthu, n'kukumbuka kuti mbuzi sizinamwe.

Pa tchuthi chachikulu tsitsi lake linakulako, ndipo kunali chinkhoswe cha msuweni wake kumene atsikana ankayenera kukavina. Loweruka m'mawa anabwera ndi ulusi wakuda ndi chipeso, akufuna achemwali kuti amumange tsitsi. Achemwali anali atapita kukazonda wodwala kutsidya. Tiya anaima pabwalo akuyang'ana kunjira. Ndinamuuza kuti ndikhoza kuyesa. Anayang'ana manja anga, kenako nkhope yanga, n'kubwera kudzakhala pa mphasa pakati pa miyendo yanga.

Chibwerere ndinali ndisanamukhudze kupitirira moni wa m'manja. Ndinagawa tsitsi ndi chipeso, ndinagwira kachigawo koyamba, n'kuyamba kukulunga ulusi. Ndinkagwira ntchito ndi maso, ndipo poopa kuti ulusi undipulumuka ndinkakoka mwamphamvu. Mutu wake unali phee. Msana wake unatsamira mawondo anga, ndipo mawondo anga amamva. Ndinamanga zigawo zisanu ndi ziwiri, zokhota koma zomangika.

Achemwali anatipeza tili choncho. Anaima kutsogolo kwa mwanayo, nkhope yawo n'kusintha. Anandichotsa manja, n'kundionetsa. Khungu la m'mutu linali litakokeka mpaka kutukumuka, pena tsitsi litazuka, pali timagazi. Nditasuzumira ndinaona kuti bulauzi yake yanyowa pachifuwa ponse ndi misozi, mlomo wam'munsi atauluma.

"Iwe, bwanji osanena kuti akukupweteka?" anafunsa achemwali.

Tiya anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Anayankha osatembenuka.

"Ndimaopa kuti asiya."

Achemwali anakoka kampando n'kuyamba kumasula ulusi uja pang'onopang'ono, mfundo imodziimodzi. Tiya sanasunthe pamene anakhala. Ine ndinaika dzanja pa phewa lake. Sindinamve nsalu, sindinamve fupa, ngakhale kufunda kwa thupi lake. Ndinkangoliona dzanjalo lili pamenepo, ndipo ndinalisiya mpaka achemwali anamaliza.